Kodi malo a kutsogolo kwa sitolo ndi a yani?

Funso: Wowerenga wina wa ku Mangochi akufuna kudziwa ngati mwini sitolo ali ndi mphamvu zothamangitsa galimoto kapena njinga za kabaza zoimikidwa kutsogolo kwa sitolo yake, poti mikangano yotere siisowa pafupi ndi msika.

Yankho: Mphamvu za mwini sitolo zimathera pamalire a puloti yake, ndipo malo ambiri amene anthu amalimbirana m'mbali mwa msewu wa M3 ndi gawo la msewuwo, lomwe limasiyidwa dala kuti padutse ngalande ndi anthu oyenda pansi. Malowa ndi a boma, kotero woikapo miyala kapena matayala pofuna kusungira makasitomala ake malo alibe pogwira, ngakhale kuti wotseka khomo la mnzake ndi galimoto nayenso walakwa. Dandaulo liyenera kupita kukhonsolo, chifukwa lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'dera. Kumadoko a asodzi monga Msaka ndi Chembe, komwe cholimbirana chimakhala pokocheza bwato, nkhaniyi imayambira kwa a mfumu ndi komiti yoyang'anira doko.