CIBADWA NDI CIPHUNZITSO

Mai akaikira nkhuku mazira a bakha, nkhukuyo iwafungatira monga ace. Koma ana akaswa, athamangira kumadzi nasambira, make ali kulira pamtunda. Palibe anawaphunzitsa kusambira. Nzeru yotere, imene camoyo cibadwa nayo, ichedwa cibadwa. Ndiyo iyamwitsa khanda tsiku lomwe labadwa, ndiyonso imangitsa njuci zisa za mbali 6.

Nzeru yina siibadwa ndi mwini wace. Ng'ombe yamphongo siidziwa goli kufikira mlimi ataizoloweza masiku ambiri. Iyi ndiyo nzeru yocita kuphunzira.

Nzeru ziwirizi zioneka pamodzi mwa nsadzu, mbalame ija itsogolera anthu ku njuci. Nsadzu siimanga cisa. Iikira dzira lace m'cisa ca mbalame yina. Mwana wace aswa ali wosapenya, ndi tingowe takuthwa kumlomo, napha nato ana a mwini cisa. Sanaone make, ndipo palibe anamuonetsa nchito yoopsayo. Ici ndi cibadwa.

Koma m'caka ca 2023 akatswiri awiri, Claire Spottiswoode ndi Brian Wood, anafalitsa zimene anapeza za kaitanidwe ka mbalameyi. Ayao ofula njuci ku Niassa, m'dziko la Mozambique, aitana nsadzu ndi mau akuti "brrr-hm". Ahadza a ku Tanzania aiimbira mluzu. Poyesa maitanidwe onse awiri m'maiko onsewo, anaona kuti nsadzu za dera liri lonse zibwera msanga zikamva kuitana kwa anthu a komweko. Kuitanako zinacita kuphunzira.

Munthu aposa zamoyo zonse pa kuphunzira. Khanda libadwa lodziwa kulira ndi kuyamwa, koma cinenero alibe. Mwana wobadwira ku Chipata akaleredwa ndi Alozi ku Mongu adzalankhula Silozi. Ulemu, kulima, kuwerenga ndi kunena zoona, zonsezi aziona kwa omlera.

Pano mpamene makolo ambiri alakwa. Mwana akayamba bodza kapena kuba, iwo angoti, "Ncibadwa cace," namleka. Koma mwanayo sanabadwe ndi cizolowezi ca kuba monga bakha abadwa ndi kusambira. Anaciona kwina, mwina m'nyumba momwemo, ndipo cimene cinalowa mwa kuphunzira cikhoza kukonzeka mwa kuphunzira. Akulu akale anati kuongola mtengo mpoyamba. Cifukwa cace kholo liri lonse lisamale zimene licita ndi kunena pamaso pa ana.