Usanafunse mnzako za kugonana, yamba wadzifunsa wekha

Chaka chatha kalabu yathu inatituma kukacheza ndi anzathu a kuno ku Namitete kuti tidziwe chifukwa chake ambiri sagwiritsa ntchito makondomu. Ine ndinapatsidwa atsikana 10. Funso langa loyamba linali lakuti, "Kodi iwe umachita zachiwerewere?" Onse anakana. Ndinalemba m'kope kuti vuto palibe. Patangotha miyezi iwiri, mmodzi mwa iwo anasiya sukulu ali ndi mimba ya miyezi isanu.

Kodi anandinamiza? Eya, koma ndinamunamitsa ndine. Mawu oti "chiwerewere" ndi chiweruzo kale. Komanso ndine mnyamata, ndimaimba kwaya, ndipo amayi anga amatunga madzi mjigo umodzi ndi amayi ake. Ndani angaulule chinsinsi chake kwa munthu wotere?

Ngakhale akatswiri amakumana ndi vutoli. Mu 1998, Susan Watkins wa ku University of Pennsylvania ndi anzake anayamba kafukufuku wa za kulera ndi Edzi m'midzi ya ku Mchinji, Balaka ndi Rumphi. Iwo anazindikira kuti pankhani ya kugonana, munthu amatha kuyankha zimene akuganiza kuti wofunsayo akufuna kumva. Choncho kuyambira mu 1999 anapempha anthu ena a m'midzimo kuti azilemba m'makope zimene anthu akukambirana okha pa mjigo, pamaliro kapena m'minibasi. Makopewo anaonetsa kuti anthu amakamba kwambiri za Edzi, nanga si panalibe mlendo wogwira cholembera.

Ndiye musanapite kukafunsa, dzifunseni izi:

1. Kodi wofunsidwayo amandiona ngati ndani?
2. Kodi mawu anga akuweruza? Nenani "kugonana", osati "chiwerewere".
3. Kodi nkhope yanga isintha ndikamva zimene ineyo ndimadana nazo?
4. Kodi nditha kusunga chinsinsi, ngakhale kwa mnzanga wapamtima?

Ngati n'kotheka, mtsikana afunse mtsikana mnzake, pamalo poduka mphepo. Mukabwerako, lembaninso mmene inuyo munamvera mumtima, chifukwa manyazi anu amalowa m'mayankho a mnzanu. Yankho labodza limatichititsa kupereka uphungu wolakwika, ndipo wofunika kukayezetsa magazi amangokhala pakhomo.

Zochita ku kalabu: khalani awiriawiri, mufunsane funso limodzi lokhudza chibwenzi. Kenaka woyankhayo anene chimene chinamumasula kapena kumumanga pakamwa.