Ntchito ya Mmisiri Wodulira ndi Kugwetsa Mitengo

Zimene tiphunzire

M'phunziro lino tiona mmene mmisiri wa mitengo amagwirira ntchito, zida zimene amanyamula, kadulidwe koyenera ka nthambi, kagwetsedwe ka mtengo, ndi ngozi zimene amapewa tsiku ndi tsiku.

Mitengo ya pakhomo pathu

Ku Songani ndi m'midzi yapakati pa phiri la Zomba ndi nyanja ya Chilwa, makomo ambiri ali ndi mitengo. Pali mango, mapeyala, bulugamu, malaina ndi kesha. M'mbali mwa mitsinje muli mibawa ndi mikuyu. Mitengo imeneyi imatipatsa mthunzi, zipatso, nkhuni ndi matabwa. Ngakhale mlamba wowamba umene timagula pamsika wa Songani unafuna nkhuni kudoko la Kachulu usanafike m'mbale yathu.

Koma mtengo ukakula umafuna chisamaliro. Nthambi youma imathyoka n'kuboola malata. Mvula yoyamba imabwera ndi mphepo yamkuntho, ndipo tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy amene anawononga nyumba, minda ndi mitengo m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023. Chifukwa cha mantha, ena amagwetsa mtengo uliwonse umene uli pafupi ndi nyumba. Akatero nyumba imatsala pambalambanda, mphepo n'kumawomba denga popanda chotchinga.

Nthawi zambiri mtengo sufunika kugwetsa. Umafunika kuudulira bwino. Apa ndi pamene pagona luso la mmisiri wa mitengo. Iye amasiyana ndi wodula nkhuni kapena wocheka matabwa m'nkhalango ya paini yapaphiri la Zomba. Ntchito yake ndi kusamala mtengo umene uli pakati pa anthu: pakhomo, pasukulu, patchalitchi, pamzikiti kapena m'mphepete mwa msewu.

Ayamba wauyang'ana mtengo

Mmisiri weniweni safika n'kuyamba kutema. Amazungulira mtengo wonse, maso m'mwamba ndi pansi. Amaona kumene wapendekekera ndi mbali imene ili ndi nthambi zolemera. Amaugogoda ndi msana wa nkhwangwa. Mtengo wabwino umamveka wolimba, pamene wa mphako umalira ngati mulibe kanthu m'kati. Amayang'ana ngati patsinde pamera bowa, chifukwa bowa wotere amasonyeza kuti m'kati mwayamba kuola. Amaona njira za chiswe pakhungwa, ming'alu pamene nthambi ziwiri zikuluzikulu zagawanikana, ndi nthaka imene yatukuka mbali imodzi chifukwa mizu yayamba kuzuka.

Kenaka amayang'ana zozungulira: nyumba, khola, chimbudzi, mawaya a magetsi, njira yodutsa ana a sukulu. Amaonanso ngati m'mtengomo muli njuchi, mavu kapena njoka. Akatha zonsezi m'pamene amauza mwini khomo maganizo ake: kuchotsa nthambi zouma zokha, kupepuza mbali yolemera, kapena kugwetsa mtengo wonse ngati waola moti sungapulumuke.

Zida zake

Chikwanje ndi cha tinthambi ting'onoting'ono ndi kulambula tchire patsinde. Nkhwangwa ndi yotemera ndi kuwazira. Sowo yamanja ndiyo yabwino podulira, chifukwa imasiya bala losalala. Zingwe zimakhala ziwiri zosiyana: china chomangira munthu amene wakwera, china chotsitsira nthambi. Chingwe chimene chanyamula zipika sachikhulupiriranso pa moyo wa munthu.

Chida champhamvu kuposa zonse ndi makina a tcheni, amene ambiri amangoti tchenisowo. Makinawa ali ndi injini yaing'ono imene imazunguza tcheni cha mano akuthwa pachitsulo chachitali. Injiniyo imamwa petulo wosakaniza ndi oyilo wake wapadera. Makina ambiri amafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo, koma mmisiri amatsata zimene opanga makinawo analemba. Petulo wopanda oyilo amapsereza injini m'kanthawi kochepa. Palinso thanki yachiwiri ya oyilo wofewetsa tcheni kuti chisatenthe.

Mano a tcheni amanoledwa ndi tupa lozungulira, dzino lililonse palokha. Tcheni chakuthwa chimalavula tizipalapasa ta mtengo tooneka bwino. Chikayamba kutulutsa fumbi losalala, chabuntha. Tcheni chobuntha chimatopetsa munthu, chimamwa mafuta ambiri, ndipo chimakakamiza mmisiri kukankha ndi mphamvu, zimene zimabweretsa ngozi.

Thupi nalo lili ndi zida zake: chipewa cholimba, magalasi oteteza maso, zotseka m'makutu, magolovesi ndi nsapato zolimba. Kumaiko monga Britain, wogwira ntchito ndi makinawa amayenera kuphunzitsidwa, ndipo amavala thalauza ya ulusi wapadera umene umakola tcheni chikakhudza mwendo. Kuno kwathu timaona anyamata akucheka atavala masilipasi, maso ali pamtunda. Zida zotetezera n'zodula, komabe mtengo wake sungafanane ndi diso kapena phazi.

Kadulidwe ka nthambi: kucheka katatu

Taonani mango amene anadulidwa ndi chikwanje mwachisawawa. Nthambi inathyoka isanathe kudulidwa, n'kusenda khungwa kutsika nalo pathunthu. Pabala lalitalilo pamalowa madzi, chiswe ndi matenda. Pakapita zaka mtengo umachita mphako, ndipo tsiku lina umagwa ndi mphepo.

Pofuna kupewa zimenezi, nthambi yaikulu imachekedwa katatu.

Koyamba, chekani kunsi kwa nthambi, masentimita pafupifupi 30 kuchokera pathunthu. Lowani pang'ono chabe, gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa nthambiyo.

Kachiwiri, chekani pamwamba, kutsogolo pang'ono kwa pamene munacheka poyamba, mpaka nthambi itagwa. Khungwa likayamba kusendeka limakaima pamene munacheka kunsi paja.

Kachitatu, chotsani kachitsa kotsalako. Apa m'pofunika maso. Pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu pali potupa pozungulira nthambiyo. Chekani kunja kwa potupapo, osapadula. Musasiyenso chitsa chachitali.

Potupapo n'pofunika chifukwa chakuti mtengo suchiza bala monga limachitira thupi la munthu. Umatchinga malo ovulalawo m'kati kuti kuola kusafalikire, ndipo kunja umameretsa mnofu watsopano umene umakwirira balalo pang'onopang'ono kuchokera m'mbali. Mnofu umenewu umayambira potupa paja. Wasayansi wina wa ku America, Alex Shigo, anacheka ndi kufufuza mitengo yambirimbiri ndipo anasonyeza zimenezi. Anasonyezanso kuti kupaka penti pabala sikuletsa kuola. Chimene chimathandiza ndi kucheka pamalo oyenera ndi chida chakuthwa.

Lamulo lina ndi ili: musachotse nthambi zamasamba zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi pa nthawi imodzi. Masamba ndiwo amapanga chakudya cha mtengo. Mukaumeta mutu wonse, umatulutsa mphukira zambiri zofooka zimene zimadzathyoka msanga zikakula. Mango amadulidwa bwino zipatso zikangotha. Nthambi zouma ndi zolendewera pa denga zichotsedwe m'chilimwe, mvula isanayambe. Ndipo kumbukirani mawu a akulu akuti kuwongola mtengo m'poyamba: nthambi imene mukanaichotsa ndi mpeni mtengo uli waung'ono, pakatha zaka khumi idzafuna amuna atatu ndi chingwe.

Kagwetsedwe ka mtengo

Ngati mtengo uyenera kugwa, mmisiri amasankha kumene ugwere, potsata kupendekeka kwake ndi mphepo. Amalambula patsinde ndi kukonza njira ziwiri zothawira, zolowera chakumbuyo koma chopingasa, osati kumbuyo kwenikweni, chifukwa tsinde limatha kudumphira m'mbuyo. Anthu onse, makamaka ana, aime patali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo.

Kumbali imene mtengo ugwere amachekako kamwa, n'kuchotsa kachidutswa. Kamwalo limalowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kunenepa kwa thunthu. Kenaka amapita kuseri n'kucheka mopingasa, pamwamba pang'ono pa tsinde la kamwa lija. Sacheka mpaka kutulukira. Amasiya kachigawo kosadula pakati, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kunenepa kwa mtengo. Kachigawo kameneka kamagwira ntchito ngati mahinjesi a chitseko: kamaugwira mtengo ndi kuuwongolera kumene ukupita. Mukakadula, mtengo umagwera kulikonse kumene wafuna. Mtengo ukayamba kulira ndi kupendama, mmisiri amafuula kuti, “Ukugwa! Tayimani patali!” Amazimitsa makina n'kuchoka, maso ali pa mtengo.

Pamene pali popanikiza, monga pakati pa nyumba ziwiri, mtengo sugwetsedwa wathunthu. Mmisiri amakwera atadzimangirira, n'kumaudula zidutswazidutswa kuyambira kunsonga. Nthambi iliyonse yolemera amaimanga, ndipo anzake apansi amaitsitsa pang'onopang'ono chingwe atachikulunga pa mtengo wina. Ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi. Wapansi ndiye maso a wam'mwamba, ndipo ngozi ikachitika ndiye woyamba kuthandiza.

Ngozi zazikulu

Yoyamba ndi kudumpha kwa makina. Nsonga yakumtunda ya chitsulo chija ikagunda chinthu tcheni chikuzungulira, makina amadumphira kunkhope m'kuphethira kwa diso. N'chifukwa chake amagwiridwa ndi manja awiri, sachekera ndi nsonga, ndipo sakwezedwa kupitirira mapewa.

Yachiwiri ndi magetsi. Nthambi yaiwisi imadutsitsa magetsi, ndipo pa mawaya amphamvu moto umatha kudumpha ngakhale musanawakhudze. Mtengo ukayandikira mawaya, kapena ukawagwera, musaukhudze. Dziwitsani a ESCOM.

Yachitatu ndi mtengo umene wagwa ndi mphepo. Umaoneka ngati watha mphamvu, koma nthambi zake zopanikizika zimakhala zokungika. Mukadula molakwika zimakwapula kapena kupana sowo. Woopsanso ndi mtengo umene wakodwa pa unzake usanafike pansi. Pansi pake pasadutse munthu.

Yachinayi ndi kutopa, mowa ndi changu. Amisiri ambiri amalipidwa pa mtengo uliwonse, ndiye amathamangira kumaliza. Ena makina ndi obwereka, mafuta akwera mtengo, tcheni chatsopano n'chosowa. Mwini khomo naye amafuna wotchipa. Pokambirana mtengo wa ntchito, tizikumbukira kuti tikulipira luso ndi nthawi yochita zinthu mosamala. Tigwirizanenso ntchito isanayambe kuti nkhuni ndi zipika zikhala za yani, ndiponso denga likawonongeka akonza ndani.

Lamulo ndi mwambo

Dziko lathu lili ndi lamulo la zankhalango la mu 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 ndi kuwonjezera zilango. Kudula mitengo m'nkhalango yotetezedwa, monga ya Zomba ndi Malosa, popanda chilolezo ndi mlandu. Musanagwetse mtengo wachilengedwe monga mbawa kapena mlombwa, funsani kaye mlangizi wa zankhalango ndi a mfumu. Mitengo yakumanda ndi ya m'nkhalango ya mudzi ili ndi eni ake oyang'anira. Ya m'malire ifunika kukambirana ndi mnansi.

Mitengo ya m'mbali mwa mitsinje tiisiye. Domasi ndi Likangala imatsika kuchokera kumapiri kukathira m'nyanja ya Chilwa, nyanja yosaya yopanda mtsinje wotulukamo. Nyanjayi inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaphwanso. Chilala ndicho chimaiumitsa, koma magombe a mitsinje akakhala opanda mitengo, dothi limakokoloka n'kukakwirira nyanjayo. Wodula mtengo kumtunda amakhudza msodzi ndi mlimi wa mpunga kumunsi.

Mukagwetsa mtengo, bzalani ina m'malo mwake pa nyengo yobzala mitengo, imene imayamba mu Disembala mpaka Epulo. Ya mitundu ikuluikulu ikhale patali ndi nyumba ndi mawaya. Bulugamu akadulidwa pafupi ndi nthaka amaphukiranso pachitsa: siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo muchotse.

Werengani ndi kulemba

Nthambi yaikulu imachekedwa katatu.
Mtengo wa mphako ndi woopsa.
Ana aime patali mtengo ukamagwa.
Nthambi yaiwisi imadutsitsa magetsi.

Mafunso

1. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti mtengo waola m'kati.
2. N'chifukwa chiyani timayamba kucheka kunsi kwa nthambi?
3. Kodi kachigawo kosadula kaja kamagwira ntchito yanji pogwetsa mtengo?
4. Mtengo ukagwera mawaya a magetsi tichite chiyani?

Masamu

1. Mtengo ndi wotalika mamita 12. Anthu aime mamita angati kuchokera patsinde?
2. Malita 5 a petulo afuna mamililita 100 a oyilo. Nanga malita 10 afuna angati?

Ntchito yapagulu

Sabata ino yenderani mitengo yapamalo pamene timaphunzirira ndi yapakhomo panu. Lembani dzina la mtengo uliwonse, ndipo pambali pake mulembe chimodzi mwa izi: uli bwino, ufunika kudulira, kapena ndi woopsa. Bweretsani zimene mwalemba tsiku la phunziro lotsatira. Tidzasankha pamodzi mitengo yofunika mmisiri, ndipo tidzatuma anthu awiri kukaonana ndi a mfumu ndi mlangizi wa zankhalango mvula isanagwe.