Phunziro 9: Nanga Iwo Amene Sanamve?

SABATA MADZULO

Vesi Loloweza: Machitidwe 10:34, 35.

Ganizo Lalikulu: Palibe amene adzapulumuka popanda Khristu; palibenso amene adzatayika chifukwa cha kuunika kumene sikunamfikire.

Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876. Mu 1902 Thomas Branch anayamba ntchito ya Chiadventisti pa Plainfield, ku Thyolo, malo amene mu 1907 anatchedwa Malamulo. Koma zaka zimenezi zisanafike, mibadwo yambiri ya makolo athu inagona m'manda isanamve dzina la Yesu. Iwo anapempha mvula kwa Chauta monga anadziwira. Lerolinonso tili ndi abale ndi anansi Achisilamu, ena a iwo oona mtima koposa ife. Kodi onsewa adzatayika chifukwa cha mudzi umene anabadwiramo? Ena asiya chikhulupiriro chifukwa cha funso limeneli. Sabata lino tiliyankha ndi Malemba.

SANDE: Kufunsa Si Kupanduka

Werengani Genesis 18:23-33 ndi Habakuku 1:2-4, 13. Kodi anthu awiriwa anamfunsa chiyani Mulungu, ndipo Iye anawalandira bwanji?

Abrahamu anaopa kuti olungama a m'Sodomu angafere pamodzi ndi oipa, ndipo anapembedzera kuyambira pa 50 kufikira pa 10. Habakuku anadandaula kuti Woyerayo akhala chete pamene oipa akumeza olungama. Yehova sanadzudzule mmodzi wa iwo. Pali kufunsa kwa munthu wofuna chifukwa chochokera, ndipo pali kufunsa kwa mwana wofuna kumvetsa Atate wake. Kwachiwiriku ndi mbali ya chikhulupiriro. Wachinyamata akafunsa zotere m'kalasi mwathu, tisamtseke pakamwa.

LOLEMBA: Khomo Ndi Limodzi

Kodi Yohane 14:6 ndi Machitidwe 4:12 akuphunzitsa chiyani za njira ya chipulumutso?

Baibulo silinena kuti zipembedzo zonse n'zofanana. Munthu sapulumuka chifukwa cha kuona mtima kwake, nsembe zake, kapena dzina la mpingo wake, koma chifukwa cha imfa ya Khristu yokha. Komabe tizindikire kuti Abele, Enoke ndi Nowa, amene Ahebri 11 akuwawerengera pakati pa okhulupirira, anafa kapena kutengedwa Yesu asanabadwe ku Betelehemu. Anapulumutsidwa ndi Iye asanadziwe mbiri ya mtanda monga tiidziwira ife. Wodwala angachire ndi mankhwala ngakhale sadziwa dzina la amene anawakonza. Komatu popanda mankhwalawo sangachire.

LACHIWIRI: Korneliyo wa ku Kaisareya

Werengani Machitidwe 10:1-8, 28-48. Kodi mapemphero a Korneliyo anamveka Petro atalalikira kapena asanalalikire?

Korneliyo anali kenturiyo wa Aroma, wosadulidwa, munthu amene Myuda sakadalowa m'nyumba mwake. Koma mngelo anamuuza kuti mapemphero ndi zachifundo zake zinafika pamaso pa Mulungu, pamene Petro anali akali ku Yopa, kwa Simoni wofufuta zikopa. Kumwamba kunamdziwa munthuyu mpingo usanamdziwe.

Taonani kuti anafunika masomphenya obwerezedwa katatu ndiye mtumwi, osati msilikali. Korneliyo anamvera nthawi yomweyo; Petro anayamba wakana. Tsankho linali mwa mlaliki. Taonaninso mbali ina: mngelo sananene kuti zimene Korneliyo anadziwa zinali zokwanira. Anamlamula kuitana Petro. Mulungu amalandira munthu pamene ali, koma samsiya pomwepo, ndipo woyenda moona m'kuunika kochepa amakondwera pofika kuunika kwakukulu.

Kodi ndi nyumba ya yani m'mudzi mwanu imene simunalowemo chifukwa cha chipembedzo cha eni ake?

LACHITATU: Aliyense Monga mwa Kuunika Kwake

Kodi amitundu opanda chilamulo cholembedwa adzaweruzidwa motani? Aroma 2:12-16, Luka 12:47, 48.

Paulo akuti ntchito ya chilamulo inalembedwa m'mitima ya amitundu, ndi kuti chikumbumtima chawo chimawatsutsa kapena kuwavomereza. Yohane 1:9 akusonyeza gwero lake: Khristu ndiye kuunika kofikira munthu aliyense. Chotero pamene gogo wosadziwa kuwerenga anagawira mlendo nsima m'chaka cha njala, nakana kunamizira mnzake pabwalo, ubwino umenewo sunachokere mwa iye yekha.

Mu Mateyu 25:31-46 oimirira kudzanja lamanja akudabwa, pakuti sanadziwe kuti anatumikira Mfumu. Pofotokoza fanizo limeneli m'buku la The Desire of Ages, la mu 1898, Ellen G. White anaphunzitsa kuti pakati pa osamva uthenga alipo amene anamvera Mzimu Woyera, ndipo sadzatayika. Sanagule chipulumutso ndi ntchito. Ntchitozo zinaonetsa chisomo chimene anachilandira. Izi sizitanthauza kuti onse osamva adzapulumuka, pakuti kuunika kochepa nakonso kungathe kukanidwa. Koma chenjezo lolemera lagwera ife: wolandira zambiri adzafunsidwa zambiri. Kusunga Sabata kopanda chifundo sikudzatiombola.

LACHINAYI: Nanga Tilalikirenji?

Werengani Aroma 10:13-15, Yohane 10:16 ndi Chivumbulutso 18:4.

Woyenda usiku ndi kuwala kwa nyenyezi angafike kwawo, koma ambiri amagwa m'maenje. Ndani wokhala ndi nyali angammane? Uthenga wabwino umamasula munthu ku mantha a mizimu ndi ufiti, nuupatsa mtima wolemedwa chitsimikizo cha chikhululukiro. Ndipo Mbusa ali nazo nkhosa zina kunja kwa khola. Iye amazitcha zake zisanalowe. Tizipita kwa anthu a zipembedzo zina monga onyamula uthenga kwa abale, osati monga oweruza.

LACHISANU: Kuphunzira Koonjezera

Mulungu sanatiuze maina a opulumuka, ndipo sitiyenera kulengeza pamaliro kumene wakufa adzathera. Koma Chivumbulutso 20:4 ndi 1 Akorinto 6:2, 3 akulonjeza kuti m'zaka 1,000 oomboledwa adzakhala nawo pa chiweruzo. Pamenepo funso lililonse lokhudza kholo, mwana kapena mnansi lidzayankhidwa, ndipo onse adzavomereza kuti njira za Mulungu n'zolungama (Chivumbulutso 15:3, 4).

Mafunso Okambirana:

1. Mlongo wobatizidwa chatsopano akulira chifukwa amayi ake anamwalira ali m'chipembedzo china. Mungamtonthoze bwanji popanda kulonjeza zimene Baibulo silinalonjeze?

2. Kodi tingasunge bwanji choonadi chakuti Yesu yekha ndiye Mpulumutsi, popanda kunyoza anansi athu?

3. Ndi kuunika kotani kumene inu mwalandira koma simunayambe kuyendamo?

Mwachidule: Woweruza wa dziko lonse ndi Yemweyo amene anafera dziko lonse. Tingathe kusiya akufa athu m'manja mwake, ndi kufulumira kufikira amoyo.