NTHENDA YA SHUGA MWA AKURU: KUSIYANITSA MTUNDU WOYAMBA NDI WACIWIRI

Mzinda wa Kafue uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue ndi njanji yonka ku Livingstone. Kuyambira caka ca 1970, pamene fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito, anthu a mitundu yambiri akhala akusonkhana kumeneko kudzafuna ndalama. M'zaka zomwezo kunamangidwanso fakitale ya nsaru ya Kafue Textiles, ndipo pambuyo pace kunadza ina yosungunula citsulo. Pakati pa anchito a m'dera limeneli pali ana a ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke. Ndipo mmodzi wa iwo akadwala kwambiri, kawiri kawiri abale ace amtengera kumudzi kuti akapumule. Pa nthenda zina kutero kulibe coipa, koma pa nthenda ya shuga kungathe kupha munthu, ngati a kumudzi sadziwa mtundu wa shuga umene iye ali nao.

Nthenda iyi siisowa m'dziko. Mu 2017 boma la Zambia, pamodzi ndi World Health Organization, linayesa mwazi wa anthu a zaka 18 kufikira 69 osankhidwa m'zigawo zonse, ndipo kunapezeka kuti pafupifupi 6 mwa 100 ali onse anali ndi shuga wocuruka. Cifukwa cace nkoyenera kuti banja liri lonse lidziwe za nthendayi.

1. Cimene cicitika m'thupi

Nsima, cinangwa, mbatata ndi mpunga zikagayika m'mimba zisanduka shuga, ndipo mwazi utenga shugayo kunka naye ku minofu yonse, pakuti ndiye nkhuni za thupi. Koma shuga sangathe kulowa m'minofu pa yekha. Kumbuyo kwa cifu kuli ciwalo dzina lace pancreas, cimene ena akuti kapamba, ndipo cimeneci cipanga madzi amphamvu dzina lace insulini.

Nchito ya insulini ifanana ndi ya mlonda wa pa cipata ca fakitale. Magalimoto afika odzala ndi katundu, koma mlonda akapanda kutsegula, aima pamseu nacurukana, ndipo m'kati makina aleka kuyenda. Momwemonso insulini akasowa, shuga aunjikana m'mwazi, impso zimtaya m'mkodzo pamodzi ndi madzi ambiri, ndipo munthu akodza usana ndi usiku, namva ludzu losatha, nafoka angakhale adya bwino.

Mu mtundu woyamba mlonda uja palibe. Mphamvu ya thupi yolimbana ndi tizirombo isokera, niononga tizigawo ta kapamba timene tipanga insulini, kufikira thupi liribe insulini wace konse. Munthu wotere ayenera kubaya insulini tsiku ndi tsiku moyo wace wonse. Mu mtundu waciwiri mlonda alipo, koma zitseko zacita dzimbiri; atsegula mobvutika, ndipo popita zaka atopa. Mwa odwala shuga 10 ali onse, oposa 9 ali ndi mtundu uwu, ndipo ambiri a iwo athandizidwa poyamba ndi kusamala zakudya, kugwiritsa thupi nchito, ndi mapiritsi.

Insulini anapezedwa mu 1921 ku Toronto ndi Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo isanafike nthawi imeneyo wodwala mtundu woyamba sanali kukhala ndi moyo nthawi yaitali. Amene anaonetsa poyera kuti mitundu ili iwiri ndiye dokotala Harold Himsworth wa ku London, mu 1936.

2. Zaka za munthu ndi thupi lace sizinena zonse

Kale anthu anaphunzitsidwa kuti mtundu woyamba ndi wa ana, ndipo waciwiri ndi wa akuru onenepa. Mau awa ali ndi coona cace, koma asokeretsa ambiri. Mu 2018 ophunzira a pa yunivesite ya Exeter ku England anaonetsa kuti mwa odwala mtundu woyamba amene anawawerenga, 42 mwa 100 anayamba kudwala atapitirira zaka 30. Popeza pa msinkhu umenewo mtundu waciwiri ndiwo wocuruka, ocepa awa abisika pakati pa unyinji, napatsidwa mapiritsi monga anzao.

Zotere zinacitikira Theresa May, amene anakhala nduna yaikuru ya Britain kuyambira 2016 kufikira 2019. Mu 2012, ali ndi zaka 56, anauzidwa kuti ali ndi mtundu waciwiri. Koma mapiritsi atalephera, kunapezeka kuti unali woyamba, ndipo anayamba kubaya insulini. Ngati kusokoneza kotere kucitika m'dziko la zipangizo zambiri, nanga kumene zipangizo ziri zocepa?

Kuonda nakonso pa kokha sikutsimikiza kanthu, pakuti mu Africa muno ambiri a mtundu waciwiri sali onenepa ai. Cotero funso lofunika koposa onse ndi ili: Kodi thupi la munthu uyu likali kupanga insulini wace?

3. Zizindikiro zimene dokotala ayang'ana

Shuga ayesedwa ndi kadontho ka mwazi wa ku cala. Nambala ikafika 7.0 munthu asanadye m'mawa, kapena 11.1 nthawi ina iri yonse mwa munthu wa ludzu ndi kukodza-kodza, ndiye kuti nthenda iripo. Koma nambala iyi siinena mtundu. Kuti adziwe mtundu, dokotala aphatikiza zinthu izi.

Coyamba ndi liwiro la nthenda. Mtundu woyamba udza msanga, m'masabata ocepa. Waciwiri ukwawa zaka zambiri, ndipo kawiri kawiri upezeka munthu atapita ku cipatala ndi cilonda cosapola, dzanzi la ku mapazi, kapena maso osaona bwino. Munthu wogwira nchito pafupi ndi ng'anjo ya moto angathe kunena kuti ludzu lace ndi la kutentha. Koma ludzu la kutentha limcepetsa mkodzo, pamene ludzu la shuga limdzutsa kasanu usiku umodzi, ndipo nyerere zizinga pamene wakodza.

Caciwiri ndi kuonda kofulumira. Zobvala zimkulira munthu mwezi umodzi wokha, angakhale adya koposa kale. Ambiri poona izi aganiza za cifuwa cacikuru kapena kacirombo ka HIV, ndipo wodwala acita manyazi nabisala. Nkoyenera kuyezetsa zonsezi, ndi shuga yemwe, tsiku limodzi.

Cacitatu ndi maketoni. Banja losowa nkhuni likayamba kusonkha mitengo ya denga lace lomwe, utsi udzaza m'nyumba. Coteronso thupi lopanda insulini litentha mafuta ace, ndipo zotsala zace, ndizo maketoni, ziwawasa mwazi. Ziyesedwa ndi kapepala kobviika mu mkodzo. Zikacuruka munthu asanza, amva m'mimba kupota, apuma mozama ndi mwamsanga, m'kamwa mwace mununkha ngati zipatso zopsetsa, ndipo agona tulo tosadzuka bwino. Uyu ali pafupi ndi imfa, ndipo cimene cingampulumutse ndi insulini ndi madzi a m'botolo ku cipatala.

Cacinai ndi mbiri ya banja ndi maonekedwe a thupi. Ngati atate, amai kapena abale ali ndi shuga amene anawayamba atakula, ngati munthu ali ndi mimba yaikuru, nthenda ya kuthamanga kwa mwazi, kapena khungu lakuda ndi lokhuthala kumbuyo kwa khosi, zimenezi ziloza ku mtundu waciwiri.

Cacisanu ndi kulephera kwa mapiritsi. Metformin athandiza thupi kumvera insulini amene alipo, ndipo glibenclamide akakamiza kapamba kuturutsa wina. Onse awiri afuna kuti insulini akhalepo. Kuwapatsa munthu wa mtundu woyamba kuli ngati kukama ng'ombe youma. Munthu akamwa mapiritsi mokhulupirika masabata angapo, koma napitirira kuonda, abwerere ku cipatala osayembekeza tsiku lolembedwa pa khadi.

4. Mayeso apadera, ndi za odwala a mu Africa

M'zipatala zazikuru ndi m'nyumba zoyesera mwazi za m'mizinda muli mayeso ena awiri. Oyamba ayesa C-peptide, kanthu kamene kapamba aturutsa pamodzi ndi insulini. Kakacepa kwambiri, ndiye kuti thupi laleka kupanga insulini wace. Aciwiri afuna m'mwazi zizindikiro za nkhondo ija ya thupi pa kapamba, ndipo codziwika koposa ndi GAD. Zikapezeka mwa wamkuru amene nthenda yace iyenda pang'ono pang'ono, madokotala adziwa kuti ndi mtundu woyamba wozengereza, umene aupatsa dzina la LADA, ndi kuti iye adzafuna insulini posacedwa.

Komabe mayeso awa sagwira onse. Mu 2025 kunasindikizidwa zotsatira za kufufuza kwa ku Cameroon, Uganda ndi South Africa pakati pa amene anadwala shuga wofuna insulini akali ana kapena anyamata. Ndipo pafupifupi 2 mwa 3 analibe zizindikiro zija m'mwazi, cinkana matupi ao anali osowa insulini ndithu. Cotero kusapezeka kwa GAD sikumasula munthu ku singano.

Palinso ena amene afika ku cipatala ali ndi maketoni ocuruka monga a mtundu woyamba, koma atalandira insulini miyezi ingapo, kapamba wao atsitsimuka, ndipo angathe kukhala ndi mapiritsi okha. Madokotala a ku Nigeria analemba za odwala otere m'zaka za m'ma 1960. Pano pali ngozi yaikuru, pakuti wina amva kuti mnzace wa pa nchito analeka kubaya ndipo ali bwino, nayenso nataya singano zace, pokhala iye ndi wa mtundu woyamba weniweni. Kucepetsa kapena kuleka insulini ndi nchito ya dokotala yekha, atayesa mwazi.

Cifukwa ca zonsezi madokotala atsata lamulo ili: pamene pali cikaiko, ndipo munthu aonda kapena ali ndi maketoni, ayambe ndi insulini, dzina la mtundu lidzadziwika pambuyo. Kumpatsa insulini wa mtundu waciwiri kwa kanthawi, moyang'aniridwa bwino, ndi cinthu cokonzeka; kummana insulini wa mtundu woyamba kumtayitsa moyo m'masiku owerengeka.

5. Zimene banja liyenera kucita

Wodwala watsopano afunse dokotala momveka mtundu umene aganiza kuti ali nao, ndi ngati mkodzo wace wayesedwa maketoni. Ndipo yankho lilembedwe m'buku lace la ku cipatala. A ku Kafue ali ndi cipatala ca boma m'mzinda momwemo, ndipo obvutika kwambiri atumizidwa ku University Teaching Hospital ku Lusaka. Wobwerera kum'mawa atenge kalata, insulini ndi singano zokwanira, nakalembetse msanga pa cipatala capafupi, monga St Francis ku Katete, Nyanje kapena Mwami.

Kumene kulibe firiji, insulini asungidwe mu mtsuko wadothi wokhala ndi mcenga wonyowa, pamthunzi. Wobaya insulini asadumphe cakudya. Ndipo akayamba kunjenjemera, kuturuka thukuta ndi kusokonezeka, ndiko kuti shuga watsika, apatsidwe madzi a shuga pomwepo ngati angathe kumeza. Akadwala malungo kapena kusanza asaleke insulini, koma atengedwe ku cipatala tsiku lomwelo. Palibe muzu kapena tsamba limene lingalowe m'malo mwa insulini, ndipo abale amene amkonda wodwala asamkakamize kusiya singano.

Mafunso

1. Kodi insulini agwira nchito yanji m'thupi?
2. Mtundu woyamba usiyana bwanji ndi waciwiri?
3. Cifukwa ninji zaka za munthu sizikwanira kudziwitsa mtundu wa nthenda yace?
4. Ndi zizindikiro ziti zimene zionetsa kuti maketoni acuruka?
5. Wodwala wobwerera kumudzi ayenera kutenga ciani?