Basi ikonzedwe liti, ipume liti? Mafunso ndi mayankho kwa eni mabasi ndi maminibasi

Basi yanga ili ndi COF. Kodi umenewu si umboni wokwanira kuti ili bwino?

Ayi. Chiphaso chimene a Road Traffic amapereka chimanena za mmene galimoto inalili tsiku limene anaiyeza. Basi yoyenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, mtunda woposa makilomita 300, ikamapita ndi kubwerera masiku 25 pamwezi imadutsa makilomita 15,000. Mabuleki amene anali bwino poyezetsa akhoza kutha chiphasocho chisanafike n'komwe theka la nthawi yake. Komanso tisanamizane: alipo amene amabwereka matayala abwino popita kukayezetsa, madzulo n'kubweza. Pepala amalipeza, koma anthu amene akwere mawa akwera pa matayala osalala omwe aja.

Nanga sevisi ichitike liti?

Muwerenge makilomita, osadikira kuti basi iyambe kulira. Minibasi ya dizilo ngati Toyota HiAce, ikamayenda m'fumbi ndi katundu wodzaza, imafunika oyilo watsopano ndi fyuluta yake pa makilomita pafupifupi 5,000 alionse. Kwa basi ya mtunda wautali ija, zimenezi zikutanthauza kulowa m'galaja katatu pamwezi. Basi zikuluzikulu zili ndi malire akeake olembedwa m'buku la kampani imene inazipanga, ndipo bukulo ndi loyenera kulitsata.

Pali zina zimene zimatha mwakachetechete. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake amasinthidwa pakatha zaka ziwiri ngakhale akuoneka oyera. Mafuta olowa madzi amawira msanga, ndipo amawirira pomwe pali poopsa: potsika mtsetse wautali ngati wa Chiweta, dalaivala aponda buleki n'kupeza phazi langolowa mpaka pansi. Ngati geji yowerenga makilomita inafa, monga zilili m'maminibasi ambiri, ikonzeni. Ikakanika, lembani maulendo a tsiku lililonse n'kuchulukitsa ndi kutalika kwa msewu.

Ndingadziwe bwanji kuti makaniko wagwira ntchito yabwino?

Apa ndi pamene eni mabasi ambiri amatayira ndalama. Basi iliyonse ikhale ndi kope lake. Ikalowa m'galaja mulembe tsiku, makilomita, chimene dalaivala wadandaula, chimene makaniko wapeza, chitsulo chimene waikapo, kumene chagulidwa, mtengo wake ndi dzina la amene wagwira ntchitoyo. Chitsulo chakale chibwezedwe m'manja mwanu. Ntchito ya mabuleki, chiwongolero ndi matayala aione munthu wachiwiri basi isananyamule anthu, ndipo manati a tayala limene lachotsedwa amangidwenso ikayenda makilomita 50 mpaka 100.

Kenako muziwerenga kopelo. Funso lake ndi limodzi: kodi vuto lomweli labweranso mwezi usanathe? Ngati mabering'i a tayala lomwelo asinthidwa katatu, pali chimodzi mwa zitatu: chitsulocho n'chachinyengo, kamangidwe kake n'kolakwika, kapena gwero la vuto lili pena. Popanda kope, mwini basi amangoti yalodzedwa, n'kumasinthasintha amakaniko.

Bwanji madalaivala amabisa zovuta mpaka basi ifere pamsewu?

Chifukwa cha tageti. Dalaivala ndi kondakitala amadya zimene zatsala akapereka ndalama ya bwana. Tsiku limene basi yagona m'galaja, kunyumba kwawo sikuyaka moto. Munthu wotere akamva kagogodo kumapazi, amakweza wailesi. Ine ndimaona kuti mlandu uwu ndi wa mwini basi poyamba. Apatseni kangachepe pa tsiku la sevisi, ndipo amene wanena vuto msanga asakalipiridwe. M'mawa uliwonse, asanapite kudepoti, aone oyilo, madzi, mpweya wa m'matayala, magetsi ndi mabuleki, n'kusaina. Ndi ntchito ya mphindi khumi.

Matayala a kaunjika ndi otchipa. Cholakwika n'chiyani?

Tayala limakalamba ngakhale mapazi ake akuoneka akuya. M'mbali mwake muli manambala anayi omalizira pambuyo pa zilembo za DOT. Mukaona 2319, linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Loti ladutsa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, lili ndi ming'alu m'mbali kapena chotupa, lisaikidwe pa galimoto yonyamula anthu, makamaka kutsogolo. Tayala la kutsogolo likaphulika pa liwiro, chiwongolero chimachoka m'manja.

Kodi basi imakhala zaka zingati isanapume?

Ku America, boma likathandiza mzinda kugula basi yaikulu, limayembekezera kuti igwire ntchito zaka zosachepera 12 kapena mamailosi 500,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 800,000. Koma kumeneko amawerenga kuyambira basi ili yatsopano. Maminibasi athu ambiri amachokera ku Japan atagwirako kale ntchito, ndiye zaka pazokha sizingatiuze zambiri.

Chimene chingatiuze ndi kope lija. Phatikizani ndalama zonse za zitsulo, makaniko, oyilo ndi mafuta za miyezi isanu ndi umodzi, n'kugawa ndi makilomita amene basi yayenda. Mupeza mtengo wa kilomita imodzi. Onjezerani masiku amene yakhala osagwira ntchito, poti tsiku lililonse lotere ndi ndalama yotayika ngakhale simunatulutse kalikonse m'thumba. Ngati mtengowu ukungokwera, ndipo zimene mukuwononga pokonza pamwezi zayandikira zimene mukanamabweza pa ngongole ya basi ina, nthawi yakwana. Injini ndi giyabokosi zikhoza kusinthidwa basi n'kubwerera pamsewu zaka zingapo. Chasisi yong'aluka kapena yodyeka ndi dzimbiri ndi nkhani ina. Kuwotcherera kumabisa mng'alu koma sikubwezera mphamvu, ndipo basi yotere ichoke pamsewu ngakhale injini ikulira bwino chotani.

Ndalama yogulira ina ichokera kuti?

Ichokera kwa basi yomwe ikuyendayo, ikadali ndi mphamvu. Pa ndalama ya tsiku lililonse, gawo lina si phindu: ndi mtengo wa basi imene ikutha. Lipatuleni, ndipo muziwonjezera mitengo ikasintha. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene ankasunga molingana ndi mitengo yakale anapeza kuti ndalama yake yaperewera kutali. Ku South Africa boma linayamba mu 2006 kupereka R50,000 kwa mwini takisi yakale amene wavomera kuti iphwanyidwe, kuti ayambire pamenepo kugula yatsopano. Kuno mwini basi adzikonzekeretse yekha.

Amene ali ndi mabasi ambiri asagule onse chaka chimodzi, chifukwa adzakalambanso limodzi. Ndi bwino kusintha ochepa chaka chilichonse, ndiponso kukhala ndi mtundu umodzi kapena iwiri yokha, kuti zitsulo zizilowana ndipo amakaniko aziidziwa bwino.

Basi ina yaima kusowa chitsulo chimodzi. Kodi ndingachotseko zina kuti ndikonzere inzake?

Ngati mwatsimikiza kuti yapuma, ichotseni m'kaundula wanu, muiphwasule mwadongosolo, zitsulo zabwino zilembedwe n'kusungidwa m'sitolo. Koma ngati mukufuna idzayendenso, musaikhudze. Lero muchotsa sitata, mawa radiyeta, mkuja mipando, ndipo basi imene inkafuna pampu imodzi idzafuna ndalama yoposa mtengo wake. Itanitsani chitsulo chosowacho sabata yomweyo, mulembe m'kope tsiku limene mukuchiyembekezera, ndipo makiyi a basiyo asunge munthu mmodzi.