Mthunzi wa Zomera pa Nyumba Zosanjikizana mu Mzinda wa Blantyre

Mu chimangirizo chino ndikufuna kufotokoza momwe zomera zingathandizire kuziziritsa nyumba zosanjikizana za m'tauni ya Blantyre, ku Limbe ndi madera ozungulira. Mzindawu uli pamalo okwera pafupifupi mamita 1,000, komabe mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kwambiri, ndipo mvula ikayamba mpweya umakhala wachinyezi. Makoma a njerwa ndi simenti amasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku. Magetsi akazima, fani siithandiza kanthu.

Zomera zimagwira ntchito ziwiri. Poyamba, masamba amatchinga dzuwa lisanafike pakhoma ndi pamawindo. Kachiwiri, masamba amatulutsa madzi ngati nthunzi, ndipo potero amaziziritsa mpweya wapafupi.

Mfundo yanga yaikulu ndi yakuti mthunzi uikidwe mbali yoyenera. Blantyre ali kummwera kwa equator, ndipo m'nyengo yotentha dzuwa la masana limadutsa pafupifupi pamutu penipeni. Choncho makoma amene amapsa ndi a kum'mawa, makamaka a kumadzulo. Kumeneko n'koyenera kubzala mitengo ngati mibawa kapena mango. Mbali ya kumpoto isatsekedwe, chifukwa mu Juni ndi Julaye, nthawi ya chiperoni, dzuwa limachokera mbali imeneyo ndipo timalifuna.

Mtengo umatenga zaka kuti ufike pansanjika yachitatu. Wokhala pamwamba angathe kubzala zoyanga monga magalagadeya kapena nkhungudzu m'zidebe pakhonde, n'kuziyangitsa pawaya wotalikirako pang'ono ndi khoma. Mpatawo ndi wofunika: kumalo achinyezi mphepo ikatsekedwa, m'nyumba mumachita nkhungu. Mitengo ikuluikulu ibzalidwe patali ndi maziko ndi mapaipi, kuopa mizu. Madzi asadikhe m'zidebe, chifukwa udzudzu umaswana mmenemo.

Ku Milan, ku Italy, nyumba ziwiri zazitali zotchedwa Bosco Verticale zinatsegulidwa mu 2014 zili ndi mitengo pamakonde ake. Ife sitifunika ndalama zotero. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ndikuona kuti eni nyumba ndi alendi atagwirizana m'nyengo imeneyi, nayamba ndi khoma la kumadzulo, ana ndi okalamba a m'nyumbazi angamagone bwino dzuwa likadzafika pachimake.